Kukwatirana ndi Nzika ya Dziko Lina: Kuyerekeza Njira Zopezera Viza, Chilolezo Chokhala ndi Unzika

Anthu ambiri amaganiza kuti munthu akakwatira kapena kukwatiwa ndi nzika ya dziko lina ndiye kuti zipata za dzikolo zatseguka, ndipo pasipoti yatsopano yangotsala pang'ono kufika m'manja. Kale m'mayiko ambiri zinkaterodi kwa amayi, chifukwa mkazi ankatenga unzika wa mwamuna wake pa tsiku la ukwati, nthawi zina n'kutaya unzika wobadwa nawo popanda kufunsidwa. Mchitidwe umenewu unayamba kutha m'zaka za m'ma 1900, ndipo pangano la United Nations la mu 1957 lokhudza unzika wa amayi okwatiwa linanena kuti ukwati pawokha usamasinthe unzika wa mkazi. Masiku ano chikalata cha ukwati chimangopatsa munthu mpata wopempha, ndipo zopemphazo zimabwera motsatizana: viza yolowera m'dziko, chilolezo chokhala kwa kanthawi, chilolezo chokhazikika, kenako unzika. Chilichonse mwa zimenezi chili ndi fomu yake, malipiro ake ndi nthawi yake yodikira, ndipo chikhoza kukanidwa.

Poyerekeza njira zomwe zilipo, ambiri amangofunsa kuti ndi iti imene iwafikitse msanga kwa wokondedwa wawo. Funsoli ndi lomveka, poti kukhala motalikirana kwa chaka kapena kuposerapo kumawawa, koma munthu akafika amazindikira kuti panali mafunso ena ofunika kuposa limeneli: adzaloledwa liti kugwira ntchito, zaka zodikira chilolezo chokhazikika zidzayamba kuwerengedwa tsiku liti, ndiponso adzatsala pati banjalo likadzatha kapena mnzakeyo akadzamwalira. M'nkhani ino, amene ali nzika kapena wokhazikika m'dzikomo tizimutchula kuti woitana, ndipo mnzakeyo woitanidwa. Ziwerengero za ndalama ndi zaka zimasinthidwa kawirikawiri, choncho munthu aziyang'ananso pa tsamba la boma la dzikolo asanalipire kanthu.

Viza ya otomerana

Mayiko ena ali ndi viza yapadera ya anthu amene agwirizana zokwatirana koma ukwati sunamangidwe. Ku America imatchedwa K-1, ndipo woitana ayenera kukhala nzika, osati munthu wongokhala ndi green card, chomwe ndi chilolezo chokhazikika cha kumeneko. Awiriwo ayenera kusonyeza kuti anaonanapo maso ndi maso m'zaka ziwiri zomaliza asanapereke fomu ya I-129F, kotero kuti chibwenzi cha pa foni ndi pa intaneti chokha sichikwanira. Woitanidwa akangolowa amakhala ndi masiku 90 oti akwatirane ndi munthu yemweyo amene anamuitana. Masikuwo sawonjezeredwa, ndipo akasintha maganizo n'kukwatirana ndi wina, sangapeze green card ali m'dzikomo kudzera mu ukwati winawo. Ku Britain viza yofanana nayo ndi ya miyezi 6, dziko la Australia nalonso lili nayo yake, pomwe la Canada lilibe viza yotereyi.

Ubwino wake ndi woti ukwati umamangidwa m'dziko la woitana, choncho palibe ofesi imene idzakayikire chikalata chake. Imathandizanso pamene woitana sangathe kukakhala kwawo kwa mnzake nthawi yokwanira kumangitsa ukwati, kapena pamene malamulo a kumeneko salola kuti awiriwo akwatirane. Koma kuipa kwake ndi kwakukulu kuposa momwe ambiri amaganizira, chifukwa munthu amalipira kawiri ndi kudikiranso kawiri. Ku America ukwati ukachitika pamafunika kupereka fomu ina, ya I-485, ndipo podikira chilolezo chogwira ntchito woitanidwa amatha miyezi ali pakhomo, akudalira mnzake pa chilichonse. Akatuluka m'dzikomo asanalandire chikalata chomulola kuyenda, pempho lake limatengedwa ngati walisiya, kutanthauza kuti maliro a kholo atachitika kwawo pa nthawi imeneyo, ayenera kusankha pakati pa maliro ndi mapepala. Ku Britain wolowa ndi viza imeneyi saloledwa kugwira ntchito mpaka atasintha n'kukhala pa viza ya okwatirana, ndipo miyezi imene anakhala ngati wotomeredwa siwerengedwa pa zaka 5 zofunika kuti apeze chilolezo chokhazikika.

Kukwatirana kaye, n'kupempha muli kunja

Njira imeneyi ndi imene maboma ambiri anaikonza kuti ikhale yaikulu, ndipo kwa mabanja ambiri ndiyo yabwino, ngakhale kuti kudikira kwake kumachitika awiriwo ali motalikirana. Ku America woitana amapereka fomu ya I-130, woitanidwa amakafunsidwa mafunso ku ofesi ya kazembe m'dziko lomwe akukhala, ndipo tsiku limene walowa amakhala kale munthu wokhazikika, wololedwa kugwira ntchito ndi kuyenda. Ngati ukwati sunakwanitse zaka ziwiri pa tsiku lolowalo, green card yake imakhala ya zaka ziwiri zokha, ndipo m'masiku 90 omaliza isanathe awiriwo ayenera kupereka limodzi fomu ya I-751 yosonyeza kuti banja likadalipo. Lamulo limeneli linabwera mu 1986 pofuna kuthana ndi maukwati achinyengo. Ku Britain viza yoyamba ndi ya miyezi 33, imawonjezeredwa ndi miyezi 30, ndipo zaka 5 zikakwana munthu amapempha chilolezo chokhazikika. Ku Canada woitanidwa amalandira chilolezo chokhazikika nthawi yomweyo. Lamulo lomukakamiza kukhala limodzi ndi woitana kwa zaka ziwiri, lomwe linayamba mu 2012, linachotsedwa mu 2017, mwa zina chifukwa linkachititsa anthu kupirira nkhanza poopa kutaya mapepala.

Chopinga chachikulu panjira imeneyi ndi ndalama, ndipo apa mayiko amasiyana kwambiri. Ku Britain kuyambira mu 2012 woitana ankayenera kumalandira mapaundi 18,600 pa chaka, koma mu April 2024 ndalamayi inakwera kufika pa mapaundi 29,000. Pa pempho loyamba, malipiro amene woitanidwa amalandira pa ntchito yake kunja sawerengedwa, ngakhale atakhala dokotala. Amene safika pa malipirowo angagwiritse ntchito ndalama zosunga kubanki, koma kuti zikwanire pazokha ziyenera kufika mapaundi 88,500, ndipo zikhale zitakhalamo miyezi 6. Pamwamba pa malipiro a viza palinso ndalama ya zachipatala, yomwe kuyambira mu February 2024 ndi mapaundi 1,035 pa chaka, yolipiriratu pa zaka zonse za vizayo. Ku America woitana amasayina chikalata cha I-864 cholonjeza kusamalira mnzake, ndipo ayenera kumapeza ndalama zoposa mlingo wa umphawi umene boma limalengeza ndi 25 peresenti; akalephera, munthu wina akhoza kusayina naye. Chimene ambiri sachidziwa n'chakuti lonjezo limeneli silitha banja likatha. Limatha pokhapokha woitanidwa akakhala nzika, akagwira ntchito pafupifupi zaka 10, akachoka m'dzikomo kotheratu kapena mmodzi akamwalira. Ku Canada nthawi zambiri sipakhala mlingo wa malipiro poitana mwamuna kapena mkazi, koma woitana amalonjeza kumusamalira kwa zaka 3, ndipo ngati mnzakeyo walandira thandizo la boma m'zaka zimenezo, woitanayo ndiye amabweza.

Mayiko ena amaikanso chopinga cha chinenero ndi cha msinkhu. Dziko la Germany kuyambira mu 2007 limafuna kuti woitanidwa asonyeze kuti akudziwa Chijeremani cha poyambira, cha mlingo wa A1, asanapatsidwe viza. Britain imafuna Chingerezi cha A1 polowa, A2 powonjezera viza, ndi B1, milingo yokwererapo motsatizana, pamodzi ndi mayeso a Life in the UK, okhudza moyo wa m'dzikomo, popempha chilolezo chokhazikika. Ku Denmark lamulo la mu 2002 limafuna kuti onse awiri akhale atakwanitsa zaka 24. Chodabwitsa mu European Union n'chakuti nzika imene ikukhala m'dziko lina la m'bungweli imaitana mnzake mosavuta kuposa imene ikukhala kwawo, chifukwa imagwiritsa ntchito lamulo la bungweli la mu 2004 la ufulu woyenda. Motero Mfalansa wogwira ntchito ku Germany akhoza kubweretsa mkazi wake popanda mayeso a chinenero, pomwe mkazi wa Mjeremani wokhala naye nyumba zoyandikana amafunsidwa mayesowo.

Pali zinthu ziwiri zimene ofesi yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko imafuna kutsimikiza, ndipo siziyenera kusokonezedwa. Choyamba ndi chakuti ukwatiwo ndi wovomerezeka ndi malamulo a kumene unachitikira. Ukwati wa mwambo kapena wa chipembedzo umene sunalembetsedwe ku boma umavuta kuutsimikizira kunja, ndipo ngati mmodzi anakhalapo pabanja, pamafunika chikalata cha khoti chothetsa ukwati woyambawo kapena chikalata cha imfa. America, Britain ndi Canada salola kuitana mkazi wachiwiri wa pamitala, ndipo Canada kuyambira mu 2015 siivomereza ukwati umene mmodzi sanapezekepo n'kuimiriridwa ndi munthu wina. Zikalata zimafunika kutsimikiziridwa, kaya ndi chidindo cha apostille cha pangano la ku Hague la mu 1961, kaya kudzera ku unduna woona za maubale ndi mayiko akunja ndi ku ofesi ya kazembe. Kanthu kakang'ono ngati dzina lolembedwa mosiyana ndi chilembo chimodzi pa pasipoti ndi pa chikalata cha ukwati kakhoza kuimitsa pempho kwa miyezi.

Chachiwiri ndi chakuti banjalo ndi lenileni. Apa zithunzi za pa tsiku la ukwati sizithandiza kwambiri, poti wina aliyense akhoza kubwereka suti ndi chovala cha mkwatibwi. Zimene zimamveka ndi mapepala osasangalatsa a moyo wa tsiku ndi tsiku: matikiti a ndege ndi zidindo za mu pasipoti zosonyeza maulendo ochezerana, malisiti a ndalama zotumizirana, mgwirizano wa lendi wokhala ndi mayina onse awiri, akaunti ya kubanki yogwiritsa ntchito limodzi, ndi zikalata zobadwira za ana. Ofesala akakayikira, awiriwo amafunsidwa payekhapayekha m'zipinda zosiyana mafunso ofanana, monga amene anadzuka poyamba m'mawa umenewo, mbali ya bedi imene aliyense amagona, kapena dzina la mlamu wamng'ono, kenako mayankho amayerekezedwa. Okwatirana enieni amasiyana pa mayankho ena, ndipo zimenezi n'zodziwika. Chimene chimagwetsa anthu ndi kuloweza nkhani yopeka. Ku America ukwati wachinyengo chilango chake chimafika zaka 5 m'ndende ndi chindapusa cha madola 250,000, ndipo wopezeka kuti anachita zimenezi sadzavomerezedwanso ngakhale atadzakwatirana moona ndi munthu wina.

Kulowa ngati mlendo, n'kusintha mapepala muli komweko

Iyi ndiyo njira imene anthu amalangizana kwambiri, ndipo ndiyo imene yaika ambiri m'mavuto. Ku Britain munthu wolowa ndi viza ya mlendo saloledwa kusintha kuti akhale pa viza ya okwatirana. Ayenera kubwerera n'kukapempha ali kunja. Viza ya mlendo wodzakwatira iliko, koma ndi ya anthu amene ukwati ukatha akuchoka. Ku America lamulo limalola mwamuna kapena mkazi wa nzika amene analowa movomerezeka kupempha green card ali m'dzikomo, koma ngati zapezeka kuti ananama za cholinga cha ulendo wake popempha viza kapena polowa, akhoza kuletsedwa kwa moyo wake wonse. Kupitirira masiku nakonso kuli ndi chilango chake: lamulo la mu 1996 limati wokhala popanda chilolezo masiku oposa 180 akatuluka saloledwa kubwerera kwa zaka 3, ndipo wofika chaka chathunthu saloledwa kwa zaka 10.

Canada imalola poyera kupempha muli m'dzikomo, ndipo woitanidwa akhoza kupeza chilolezo chogwira ntchito podikira, koma pempho lotere likakanidwa palibe ufulu wochita apilo ku bwalo loona za olowa m'dziko, pomwe pempho lodutsira njira ya kunja lili ndi ufuluwo. Banja limene mbiri yake ili ndi zinthu zofuna kufotokozera, monga kusiyana kwambiri zaka kapena kukwatirana patangopita nthawi yochepa chidziwirane, lichita bwino kusankha njira ya kunja pa chifukwa chimenechi. Ku South Africa malamulo ankakakamiza wolowa ngati mlendo kubwerera kwawo kukapempha, mpaka khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko linagamula mu 2019, pa mlandu wa Nandutu, kuti mwamuna, mkazi kapena mwana wa nzika kapena wa munthu wokhazikika akhoza kusintha ali m'dzikomo. Kumeneko kuli mitundu iwiri yofunika kuisiyanitsa: viza ya wachibale ya gawo 18 la lamulo la mu 2002 siilola kugwira ntchito, pomwe ya gawo 11(6) imalola ntchito, sukulu kapena bizinesi imene munthu waipempha. Chilolezo chokhazikika chimapemphedwa ukwati ukakwanitsa zaka 5. Kupitirira masiku oposa 30 kumachititsa kuti munthu aletsedwe kulowanso kwa zaka 5.

Viza yanuyanu, ndi amene sanamange ukwati

Munthu amene angathe kupeza viza ya ntchito kapena ya sukulu mwa iye yekha asafulumire kuitaya chifukwa choti wakwatira. Viza yotere imamumanga kwa bwana kapena ku sukulu, pomwe ya okwatirana kawirikawiri imamulola kugwira ntchito iliyonse, koma ubwino wa viza ya ntchito kapena ya sukulu ndi woti siidalira mtendere wa m'nyumba. Asanasinthe ayenera kuwerengera bwino, chifukwa ku Britain wochoka pa viza ya ntchito kupita pa ya okwatirana amayambiranso kuwerenga zaka 5, ndipo amene watsala chaka chimodzi kuti akhazikike angataye zaka zinayi mwa kusinthako.

Ukwati si khomo lokhalo. Canada imavomereza anthu amene akhala limodzi ngati banja kwa miyezi 12 yotsatizana, Britain imavomereza ubwenzi wonga ukwati wa zaka ziwiri, ndipo South Africa ili ndi njira ya anthu okhalira limodzi osakwatirana. America ilibe njira yotere kupatula pamene dera lomwe anthuwo amakhala limautenga ubalewo ngati ukwati. Vuto ndi lakuti popanda chikalata cha ukwati, umboni wofunika umachuluka.

Banja likatha kapena woitana akamwalira

Apa ndi pamene njira zimasiyana kwenikweni, ndipo ndi pamene woitanidwa ayenera kuwerenga malamulo yekha, osadalira kumva kwa mnzake, chifukwa mawu oti "ndikakusiya akuthamangitsa" akhala chida cha nkhanza m'mabanja ambiri otere. Ku Canada chilolezo chokhazikika ndi cha mwini wake, ndipo kutha kwa banja sikuchichotsa ngati ukwatiwo unali woona. Ku America amene ali ndi green card ya zaka ziwiri akhoza kupereka yekha fomu ya I-751 ngati asudzulana, ngati mnzake wamwalira kapena ngati ankachitiridwa nkhanza, bola asonyeze kuti anakwatirana ndi mtima woona. Lamulo la mu 1994 loteteza ochitiridwa nkhanza limalolanso munthu kudzipemphera yekha green card mnzake osadziwa, ndipo limakhudza amuna ndi akazi omwe. Ku Britain banja likatha zaka 5 zisanakwane viza imafupikitsidwa, kupatula ngati latha chifukwa cha nkhanza kapena imfa, pomwe munthu akhoza kupempha chilolezo chokhazikika nthawi yomweyo. Amene ali ndi mwana yemwe ndi nzika angapemphe ngati kholo. Ku Germany munthu amakhala ndi ufulu wakewake wokhala banja likakhala zaka 3 m'dzikomo. Ku South Africa chilolezo chokhazikika chopezeka kudzera mu ukwati chimatha ngati banja latha pasanathe zaka ziwiri chiperekedwere, kupatula pa imfa, ngakhale kuti mu 2023 khoti lalikulu lija loona za malamulo oyendetsera dziko linagamula kuti kholo losamalira mwana yemwe ndi nzika lisakakamizidwe kusiya ntchito ndi kuchoka chifukwa choti banja latha.

Unzika, kapena kungokhala wokhazikika

Ukwati umafupikitsa njira ya unzika m'mayiko ambiri, koma osati onse. Ku America wokwatirana ndi nzika amapempha atakhala ndi green card zaka 3 m'malo mwa 5, bola akhale akukhalabe limodzi ndi mnzakeyo ndipo miyezi 18 mwa zaka zimenezo anali m'dzikomo. Ku Britain amapempha akangolandira chilolezo chokhazikika, osadikira miyezi 12 imene ena amadikira. Germany imafuna zaka 3 zokhala m'dzikomo ndi zaka ziwiri za ukwati, Spain chaka chimodzi chokhala m'dzikomo, pomwe Italy imalola kupempha ngakhale banja likukhala kunja, pakatha zaka 3, ndipo nthawiyo imadulidwa pakati ngati pali ana. Ku Canada ukwati suchotsa ngakhale tsiku limodzi: aliyense ayenera kukwanitsa masiku 1,095 m'zaka 5.

Chimene chimachititsa kuti unzika ukhale wofunika kuposa chilolezo chokhazikika n'chakuti chilolezocho chimatayika munthu akakhalitsa kunja. Cha ku Britain chimatha pakapita zaka ziwiri, green card imakayikiridwa munthu akatha chaka ali kunja wopanda chikalata chobwererera, ndipo Canada imafuna masiku 730 m'zaka 5 zilizonse, ngakhale kuti masiku amene munthu ali kunja limodzi ndi mwamuna kapena mkazi wake yemwe ndi nzika amawerengedwa. Wokhazikika akhozanso kubwezedwa kwawo akapalamula mlandu waukulu, ndipo nthawi zambiri savota pa chisankho cha dziko lonse. Banja limene likuganiza zodzakhala zaka zingapo kwawo kwa woitanidwa, mwina posamalira makolo okalamba, lichita bwino kutenga unzika lisananyamuke.

Koma funso la unzika liyenera kufunsidwa mbali zonse ziwiri, chifukwa dziko latsopano likhoza kulola unzika wa mayiko awiri pomwe dziko lobadwira silikulola. Germany inayamba kulola aliyense kusunga unzika wake wakale mu June 2024, pomwe China, Japan ndi India salola nzika zawo zimene zakula msinkhu kukhala ndi unzika wina, ndipo munthu wa kumeneko akatenga pasipoti ya dziko la mnzake amataya yakwawo, nthawi zina pamodzi ndi ufulu wogula malo ena kapena kugwira ntchito za boma. Kwa munthu wotere kukhala wokhazikika moyo wonse, n'kumasamala masiku okhala kunja, kungakhale kwanzeru kuposa kulumbira kuti akhale nzika. India inakonza njira yapakati, khadi la OCI (Overseas Citizen of India) la anthu ochokera ku India amene atenga unzika wina, limene si unzika ndipo silipatsa ufulu wovota kapena kugula minda, koma limalola munthu kulowa, kukhala ndi kugwira ntchito popanda malire a nthawi. Mlendo wokwatirana ndi nzika ya India akhoza kulipempha ukwati wolembetsedwa ukakwanitsa zaka ziwiri, ndipo banja likatha khadilo limalandidwa.